Mkamwini wa Sukulu Yopanda Belu

Panali munthu wina ku Lobi, m'boma la Dedza, dzina lake Gervazio. Nkhaniyi ndi yoona, akumeneko akuidziwa. Anali kalaliki pa bungwe la alimi a kachewere, ndipo ankakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wake Sungeni. Anali ndi mwana mmodzi, Monika, wongoyamba kumene kuyenda.

Tsiku lina wapampando wa bungwelo anamuitana. "Manijala wathu apuma pakatha zaka ziwiri. Wolowa m'malo mwawo tikufuna akhale ndi digiri yachiwiri ya zabizinesi. Mukaipeza, mpando ndi wanu."

Gervazio analembetsa pa yunivesite ina yophunzitsa pa intaneti. Kumeneko munthu amadziikira yekha nthawi, palibe mphunzitsi woitana mayina. Zigawo za maphunziro zinali khumi ndi ziwiri. Kumaliza chimodzi miyezi iwiri iliyonse, zaka ziwiri zikanakwana bwinobwino.

Sungeni anamuchenjeza. "Bambo a Monika, musankhe masiku ndi maola, tikawauze amayi kuti imeneyo ndi nthawi ya kalasi. Mudzi uno ndi wakwathu, ndikuudziwa."

Gervazio anaseka. "Ine digiri yoyamba ndinaimaliza ndi nsapato imodzimodzi. Ndiye iyi ya m'thumbayi indivute?"

Lamlungu potuluka ku Misa, abale onse a mkazi wake ali pomwepo, anakweza foni m'mwamba. "Sukulu yanga ndi imeneyi. Ilibe belu. Ndimalowa nthawi imene ndafuna."

Apongozi ake aakazi anamva, nawomba m'manja. "Koma ndiye sukulu yabwino."

Loweruka lotsatira atangotsegula laputopu, apongozi anaima kuseri kwa nkhokwe, poti sakanalankhula naye maso ndi maso, n'kuitana mwana wawo mokweza: "Sungeni! Uwauze abambo kuti kudimba kwauma. Paja sukulu yawo ilibe belu."

Mkamwini sakanira apongozi. Anatseka laputopu, ulendo kukathirira.

Zinayambira pamenepo. Denga likadontha, abambo. Mbuzi yokagulitsa ku Mayani, abambo. Amalume a Sungeni nawonso anamva za sukulu yabwinoyi, ndipo anali ndi khola logumuka. Gervazio akaweruka kuntchito ankapeza uthenga ukumudikira pakhomo. Iye sankadandaula n'komwe, chifukwa kutamandidwa kuti ndi mkamwini wamanja kunkamukomera kuposa kuwerenga.

"Tikakolola ndiyamba mwamphamvu," ankatero.

Koma ku Dedza munda supuma. Chimanga chikalowa m'nkhokwe, kachewere wa kudimba ndi uyo. Ameneyo akatha, kugalauza. Kenako mvula, kubzala, kupalira, nyemba.

Patatha chaka ndi theka wapampando anamufunsa kuti wafika pati. Anali atamaliza zigawo zitatu zokha. Pamenepo ndiye anayamba liwiro. Anatenga zigawo zinayi nthawi imodzi, mayeso nalephera ziwiri. Zaka ziwiri zitakwana, mpando unapita kwa munthu wina wochokera ku Lilongwe amene anabwera pepala lili m'manja. Sabata yomweyo yunivesite inamulembera kuti akapanda kumaliza pa chaka ndi theka, dzina lake lifafanizidwa.

Anafika pakhomo nkhope itagwa. "Amayi ako andiphera mpando."

Sungeni anali akusambitsa Monika, ndipo sanadzutse n'komwe mutu. "Amayi anakulandani chiyani? Belu munalitaya nokha pakhomo pa tchalitchi, anthu akuona. Iwo anangotola mawu anu."

Gervazio anakhala pakhonde nthawi yaitali, mwana wonyowa uja atamukwera pamiyendo. Kenako anati, "Pita ukawauze zonse. Ukanene kuti wolakwa ndine."

Apongozi atamva anagwira pakamwa. "Bwanji osanena? Ine ndimayesa ndi masewera a pafoni! Ndiye mwana wa eni ake wataya ntchito chifukwa cha mbuzi zanga?"

Loweruka m'mawa Gervazio anadzidzimuka ndi phokoso. Ngwee! Ngwee! Ngwee! Atasuzumira panja anaona khasu lakutha, lopanda mpini, litamangidwa ndi waya pamtengo wa pichesi. Apongozi anali kuliwomba ndi mwala.

"Sungeni! Uwauze abambo kuti kalasi yayamba!"

Kuyambira tsikulo khasu linkalira Loweruka m'mawa, ndiponso Lachiwiri ndi Lachinayi iye akaweruka. Pakatha maola awiri linkaliranso. Apongozi ankakhala pansi pa pichesi n'kumasankha nyemba ngati mlonda. Amalume atabwera ndi nkhani ya khola, anabwezedwa.

"Ali m'kalasi."

"Aaa, chemwali, si uja ndikumuona pazenerayo?"

"Mukumuona, koma kulibe. Mubwere belu lachiwiri likalira."

Khasu likalira kachiwiri, Gervazio ankapita kudimba monga kale, ndipo palibe munda umene unagona. Anasiya zothamanga, ankatenga chigawo chimodzi, kumaliza, n'kutenga china. Anatsiriza kutatsala milungu isanu kuti nthawi yake ithe.

Mpando uja sunabwerere. Mpaka lero Gervazio amapereka malipoti kwa munthu wa ku Lilongwe uja. Koma pepala ali nalo, ndipo makalata ofunsira ntchito akutumiza mutu uli m'mwamba. Khasu likadali pamtengo. Masiku ano amene amaliwomba ndi Monika, ndi sipuni, n'kumakuwa kuti, "Adadi, kalasi!"

Phunziro: Sukulu yodziikira nthawi si sukulu yopanda nthawi. Ukalengeza kuti ulibe belu, aliyense adzakuimbira lake. Sankhani masiku ndi maola, auzeni a pakhomo panu momveka, ndipo apempheni akhale alonda anu, chifukwa ambiri amene amatisokoneza sadziwa kuti akusokoneza. Mukudziwa wina amene akuphunzira pafoni n'kumati "ndiyamba tikakolola"? Mutumizireni nkhaniyi lero, chimanga chisanakhwime.