Khadi Lomwe Ankasungira Maso a Bambo

Lamulo linkati banja lililonse lizipita kuchipatala kamodzi kokha pachaka, ndi khadi limodzi. Kwa a Chimpeni, khadi la chaka chino ankasungira bambo a m'nyumbamo, a Chimpeniwo, kuti akawachotse ng'ala m'maso.

Mayi a m'nyumbamo, a Nasibeko, akukutumula mphasa ya mwana wawo Tiyese, panagwa timapaketi tambirimbiri topanda kanthu. Tinali ta mapiritsi oletsa tulo amene dokotala anamulembera pa nthawi ya mayeso.

"Mayeso si anatha kalekale?" anakuwa a Nasibeko.

"Ndalephera kusiya, amayi. Masiku anayi sindinagone."

"Mayo ine! Tipite kwa abusa, khadi tisalikhudze."

A Chimpeni anapapasa m'jekete n'kutulutsa khadilo.

"Anasibeko, mawa mumuperekeze mwanayu kuchipatala. Ine njira ya kumunda mapazi anga akuidziwa."