Chingwe Chimene Torunn Anachotsa

Kamakina kouza njira kanangoti zii. Eilif, bambo wosaona, anaima chilili padoko. Chipale chofewa chinali chitakwirira mphepete mwa msewu, ndipo ndodo yake sinkapeza poyambira.

M'mawa womwewo mwana wake Torunn anali atamuchotsera ka GPS kachingwe, n'kumuikira kopanda chingwe paphewa. "Bambo, mpaka liti kuyenda ngati mbuzi yomangidwa?" Onse awiri anaseka.

Koma katsopanoka kanali ndi batire lakelake, ndipo kuzizira kunali kutalimaliza.

Eilif anapapasa paphewa, pomwe ankakankhira chingwe chikamasuka. Panalibe chokankha.

"Torunn?" anaitana chapansipansi.

Anangomva madzi akumenya khoma la doko, pafupi kwambiri ndi nsapato zake. Kaya kumanzere, kaya kumanja, sanadziwe.