Tsiku Lophikira Amonke

Wai Lin anawaona komaliza achimwene ake, Htun Shwe, pa depoti ya mabasi ku Pathein. Anali ndi kachikwama kamodzi kumsana, akukukuta chimanga chootcha.

"Usadzasiye sukulu, galu iwe," anatero akumutsina khutu. Basi inanyamuka chimangacho asanamalize.

Patapita zaka zinayi, kunabwera munthu wina wochokera kunyanja. Anati Htun Shwe anagulitsidwa ku sitima yophera nsomba, ndipo anafera komweko tsiku limene akapolo anaukira. Tsikulo sanalitchule. Anangoti, "Kafunseni U Pyone ku Myeik," n'kutuluka tiyi osamukhudza.

Wai Lin anasiya koleji mwezi womwewo. Sanalire. Amayi ake anasankha mpunga, n'kuuthira m'thumba. Chaka chilichonse, pa tsiku limene munthu anamwalira, abale amaphikira amonke, ansembe a Chibuda, kuti wakufayo apeze njira yabwino. Popanda tsiku, mpungawo unkangokhala pakona.

"Thupi nsomba zinadya," anatero amayi. "Ine ndikufuna tsiku basi."

Wai Lin atafika ku Myeik, anamupeza U Pyone pa kabenchi pafupi ndi doko, akukulunga masamba otafuna ogulitsa kwa asodzi. Anali ndi zala zisanu ndi ziwiri ndi mano ofiira.

"Ulendo wonsewu kudzafunsa tsiku? Kwanuko makalendala anatha?"

"Tsiku limene munaukira, malume. Achimwene anga anafa tsiku limenelo. Htun Shwe."

"Ameneyo sindikumudziwa. Pasitima paja mayina athu anatilanda, n'kutilembera a ku Thailand m'timabuku tabodza. Ine ndinali Somchai. A Somchai tinalipo atatu. Akaitana mmodzi, tonse kudzidzimuka."

Anaseka, n'kulavula pambali. Kenako anafotokoza ngati akunena za nyengo. Zaka zisanu osaponda dothi. Tulo ta maola awiri. Wodwala ankamangidwa pa chitsulo mpaka achire kapena asiye kupuma. Anakweza malaya, kuonetsa msana wodzaza mizeremizere.

"Mchira wa nsomba yaminga umenewu. Wouma bwino. Sukanika."

"Nanga munaukira bwanji?"

"Masana, makoka ali m'madzi. Wina anangoponya mbale pansi, tonse tinaimirira. Sitinapangane n'komwe. Kaputeni tinamutsekera m'chipinda cha madzi oundana pamodzi ndi nsomba zake. Ukanamumva akulira! Mbuzi ili bwino. Sitima tinaiyendetsa tokha mpaka kumtunda."

M'maganizo mwake, Wai Lin anawaona achimwene ake ali kutsogolo kwa gululo. Sizikanatheka mwanjira ina. Ali ana, Htun Shwe ndiye ankaima pakati pa iye ndi lamba wa bambo awo. Kwa nthawi yoyamba chichokere ku koleji, anamva kanthu kofunda pachifuwa. Akakawauza amayi zimenezi, mwina adzayambanso kudya bwino.

"Anafa angati tsiku limenelo?"

"Mmodzi yekha. Bweretsa chithunzi tione ngwazi yakoyo."

Wai Lin anapereka foni. U Pyone anaiyandikitsa kumaso. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Msodzi wina anaima kufuna masamba, anadikira, n'kupita. Mkuluyo anaika foni pabenchi, chithunzi chikuyang'ana pansi.

"Kaputeni sankakwapula yekha, mwana iwe. Ankasankha mmodzi mwa ife, n'kumupatsa bedi ndi nyama. Uyu anandikwapula zaka ziwiri. Pomuponya m'madzi, miyendo ndinagwira ndine."

Wai Lin anatulutsa cholembera.

"Tsiku, malume."

"Pa 17 Novembala, 2014."