Chitseko Cholekeza M'chiuno

Kuno ku Doko la Mkuwa, ulemerero wa munthu amauyeza ndi chitseko. Apachitunda, eni mzinda uno, makomo awo ngakhale ngolo imalowa. Alembi a kudoko chitseko chawo chimafika m'khosi. Ife onyamula matumba m'sitima chathu chimalekeza m'chiuno, ndipo chimapenya kuchitunda, kuti tizigwadira mabwana nthawi iliyonse tikamatuluka. Amatiganizira kwambiri, safuna kuti tiiwale ulemu.

Tinazolowera. Bedi tinalikhomera m'nyumba momwemo, ndipo lidzawolera momwemo. Ndowa ya madzi timachita kukankha. Koma mimba yanga itakwana miyezi isanu ndi itatu, kukwawa kunandikanika. Amuna anga, a Dzimbiri, anagumula mzere umodzi wa njerwa pamwamba pa khomo.

Aneba athu okondedwa anakanena tsiku lomwelo. Chilango cha mlandu wotere ndi kuthamangitsidwa mumzinda.

Kunabwera Bwana Msakambewa, mdzukulu wa Apachitunda, tepi yoyezera ili m'manja.

"Paja lamulo limati muyezo uzitengedwa m'kati, bwana," ndinawakumbutsa, nditakhala pampando moyang'ana khomo.

Anacheuka. Anthu a mumsewu wonse anali atatuluka kudzaonerera. Anapinda mkanjo wawo wasilika, mawondo pansi, n'kuyamba kukwawa, mpaka chipumi chinagunda mapazi anga otupawo.

"Aa, dzukani bwana!" ndinakuwa kuti akunja amve. "Mukundigwadira ine, mkazi wa wonyamula matumba?"

Anatuluka chafutambuyo, tepi osaitambasula n'komwe. Kuchitunda anakanena kuti chitseko chili bwinobwino, ndipo palibe chifukwa chobwereranso.

Aneba athu aja agumula mizere iwiri pamwamba pa khomo lawo.