Ya Banki, K6

"Ababa, kodi banki imadya chiyani?"

Mwana wa a Wadson anafunsa funso limeneli kalekale, bambo ake akadali kalaliki pakampani ina ya malole ku Balaka. Nthawi imeneyo iwo anangoseka. Lero, patatha zaka zitatu kampaniyo itatsekedwa, analikumbukira ali pakhonde la golosale ya mnansi wawo, Che Hassani, pa Nkaya. Buku la ndalama linali pamiyendo pawo, thukuta likuyenderera m'khosi. Sanaseke.

Wa msonkho anali atanena kuti abwera Lachinayi. Fomu yake inafunika kulembedwa m'Chingerezi, ndipo pamzere wonse wa masitolo wodziwa Chingerezi cha boma anali a Wadson okha. Pansi pa fomuyo panali malo awiri osainira: a mwini golosale, ndi a munthu amene wamulembera. Masiku amenewo pepala la boma silinali loseweretsa. Bodza limodzi lokha, golosale ikanatsekedwa, osaina onse awiri n'kukaonekera kukhoti.

"Lendi tichotsa," anatero a Wadson, chala chikutsika ndi mizere. "Ya sitima yonyamulira katundu tichotsanso. Chilichonse chimene munawononga poyendetsa golosale chimachoka pa phindu, msonkho n'kuchepa."

"Nanga makhadi a chipani?" anafunsa Che Hassani ali kuseri kwa kauntala. "Ndinagula asanu ndi awiri. Yatsala mbuzi yokha yopanda khadi."

"Tsitsani mawu, aneba. Amenewo munagula ndi mtima wonse. Za mtima sizichotsedwa."

Che Hassani anaseka, koma a Wadson analibe mphamvu yowathandiza kusekako. Chichokereni m'mawa m'mimba mwawo munali tiyi ndi zitumbuwa ziwiri, zotsala pa zimene akazi awo, mayi Nelia, ankagulitsa pasiteshoni. Anthu asanu ndi mmodzi m'nyumba, onse kuyang'ana beseni limodzi la zitumbuwa. A Wadson anali atasiya kalekale kufunsa kuti zimakwana bwanji. Mwamuna wosabweretsa kanthu safunsa za mchere.

Chala chawo chinaima pamzere wina. Unalembedwa ndi zilembo zopendekera za Che Hassani: Ya banki, K6. Anatembenuza tsamba. Mwezi wotsatira, chimodzimodzi. Chaka chonse, osadumpha, osasintha ngakhale tambala.

Za banki a Wadson ankazidziwa. Kukampani kuja ndi iwo ankapita kukasungitsa ndalama Lolemba lililonse. Kagolosale kogulitsa sopo, palafini ndi machesi banki sikanakadula ngakhale kwacha imodzi pamwezi.

"Ndalama zimene banki imadula, lamulo limalola kuchotsa," anatero pang'onopang'ono. "Koma wa msonkho afuna pepala lochokera kubankiko. Lili kuti?"

"Banki yanga sipereka mapepala."

"Kulibe banki yosapereka mapepala. Ndi iti? Ya ku Balaka? Ya ku Zomba?"

"Ine kubanki za chiwongoladzanja? Chipembedzo chathu chimakaniza, Che Wadson. Haramu imeneyo."

"Ndiye mwavomera nokha kuti banki mulibe."

Che Hassani anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta sikelo yoyera kale.

A Wadson sanali munthu wothamangira kuweruza. Anayang'ana njanji zikunyezimira padzuwa. Zaka khumi ndi zisanu ayandikana ndi munthuyu. Sanamuonepo akukanikiza sikelo ndi chala, kapena kupungula palafini wa mayi wosadziwa kuwerenga. Koma chaka chinali chovuta, thonje silinabereke, ogula anachepa. Mwina wina anamunong'oneza m'sitima kuti lemba "banki", boma silifunsa. Makwacha makumi asanu ndi awiri kudza awiri pachaka. Munthu wolungama n'kugwa chifukwa cha zochepa chonchi? Sanakwiye. Anangomva kutopa, kutopa kofika m'mafupa.

Anatseka cholembera.

"Sindisaina, aneba. Ntchito inatha, ulemu unatha, chatsala ndi dzina basi. Limenelo sindiliika pansi pa bodza, ngakhale bodzalo likhale la mnansi."

"Si bodza. Walahi, ndikulumbira, ndimalipira mwezi ndi mwezi."

"Mumalipira ndani?"

"Ingofufutani mzerewo, tithane nazo."

"Bukuli wa msonkho aliwerenga yekha. Akaona pofufuta afunsa, ndipo safunsa mofatsa ngati ine. Mumalipira ndani?"

Sitima ya katundu inalira kutali, ikubwera kuchokera ku Liwonde. Che Hassani anaidikira idutse, mabogi onse, mpaka phokoso linazilala. Kenako anatuluka kuseri kwa kauntala, nakhala pabenchi pafupi ndi mnansi wawo, maso ali pansi.

"Ndikanakupatsani K6 m'manja, mukanalandira?" anafunsa motsitsa. "Ndalama za golosale ino zimagona m'nyumba mwanu, m'chitini cha mabisiketi. Amasunga ndi mayi Nelia, kuyambira mwezi umene malole aja anaima. Banki yanga ndi imeneyo."

A Wadson anayang'ana mzerewo nthawi yaitali. Kenako anatsekula cholembera, nalemba pafomu, pamalo a malipiro a antchito: Wosunga ndalama, K72. Anasaina.

"Asadziwe kuti ndadziwa," anatero.

"Kwa ine sazimva. Inunso musakawaletse."

"Sindikawaletsa, aneba. Ndalonjeza."