Tsiku Limene Ovololo Inang'ambikira Ba Gideon

Panali munthu wina ku Kafue kuno, dzina lake Gideon, ndipo amene ananditumizira nkhaniyi akuti inachitikadi. Ba Gideon analembedwa ntchito yoyang'anira kampani ina yaing'ono yosoka maovololo ku Industrial, dera la mafakitale. Anali munthu wanzeru, wongomaliza kumene maphunziro ku Lusaka, koma makina osokera anali asanawagwirepo chibadwire.

Matelala pakampanipo analipo asanu ndi atatu, ndipo aliyense ankasoka maovololo khumi patsiku. Ba Gideon ataona chiwerengerocho anati ndi ulesi. Mosafunsa munthu, analonjeza kampani ina yomanga nyumba kuti oda yake yaikulu itha m'sabata imodzi. Kenako anaitanitsa msonkhano n'kulengeza kuti kuyambira Lolemba telala aliyense azisoka makumi awiri.

Ba Emelia, mayi wa ku Nangongwe amene anali atasoka pamenepo zaka khumi ndi zisanu, anakweza dzanja. Anafotokoza mwaulemu kuti ovololo imasokedwa kawiri kumbuyo ndi pakati pa miyendo, chifukwa woivala amawerama tsiku lonse. Anatinso makina awiri amadula ulusi pafupipafupi, komanso wodula nsalu ndi mmodzi yekha, Ba Titus, moti nthawi zambiri matelala amangokhala kumudikira.

Ba Gideon sanawalole kumaliza. "Ba Emelia, ine sininabwele kumvela madandaulo. Musoko umozi ukwana. Wamene sazakwanisa twenty, geti ili apo."

Anthu anachita mantha, poti aliyense anali ndi banja lomuyang'ana. Sabata imeneyo anasoka msoko umodziumodzi, nshima ya masana ankadya ataimirira, ndipo pofika Lachisanu maovololo onse anali atakwana. Ba Gideon ankayenda akuimba mluzu.

Madzulo a tsikulo kunabwera Ba Chileshe, mayi wogula katundu wa kampani yomanga ija, ndi anzawo awiri. Pofuna kudzionetsa, Ba Gideon analowa mu ofesi, anavula suti, n'kutuluka atavala ovololo imodzi yatsopano. Anauza alendowo kuti ovololo imeneyi munthu atha kukwera nayo padenga, kudumpha ngalande, kunyamula simenti, osang'ambika. Atatero ananjuta kuti anyamule mtolo wa nsalu.

Kunamveka kuti kwee. Ovololo inatseguka kuyambira m'chiuno mpaka m'bondo, ndipo kabudula wam'kati wa maluwa ofiira anaonekera kwa aliyense.

Ba Titus anayesa kudzigwira pakamwa kuti asaseke, koma zinakanika, ndipo ataphulika onse anatsatira. Ba Chileshe anaseka mpaka kupukuta misozi. Ba Emelia okha ndiwo anathamanga, anamasula chitenje chimene anamanga pamwamba pa diresi, n'kuwafunditsa abwana awo m'chiuno.

Kuseka kutatha, Ba Chileshe anatenga ovololo ina pamulu, anaikoka ndi manja, nayonso inang'ambika. Ananena kuti sangatenge ngakhale imodzi, ndipo oda aipititsa kwina. Apa mpamene Ba Gideon anazindikira kuti ntchito yawo ndi ya anthu onsewo ili pafupi kutha. Ali chivalire chitenjecho, anatembenukira kwa mayi amene iwowo anawanyoza pamsonkhano paja.

"Ba Emelia, nikhululukileni. Munaniuza, ine sininamvele. Manje tingachite bwanji?"

Ba Emelia anatembenukira kwa alendo aja. Anapempha Ba Chileshe kuti awapatse masabata awiri, abwereze msoko uliwonse. Ba Chileshe anavomera, n'kunena kuti akuchitira Ba Emelia, chifukwa zosoka zawo akuzidziwa kuyambira kale.

Lolemba m'mawa Ba Gideon anachita chinthu chimene chinadabwitsa onse. Anakhala pamakina, n'kupempha kuti awaphunzitse kusoka ovololo imodzi. Anayamba eyiti koloko, anamaliza anzawo atadya kale, thumba atalisoka chozondoka, chala atadzibaya kawiri. Anaikweza m'mwamba kuti onse aione, ndipo ulendo uno iwo ndiwo anayamba kuseka. Kuyambira tsikulo anthu anawapatsa dzina loti Ba Chitenje, ndipo akaitanidwa choncho amayankha.

Masana anakhala pansi ndi gulu lonse, n'kufunsa aliyense chimene chimamuchedwetsa. Anaitana makaniko kudzakonza makina aja, analemba wodula nsalu wachiwiri, ndipo onse pamodzi anagwirizana kuti khumi ndi awiri patsiku ndi zotheka. Oda ija inatha tsiku limodzi nthawi isanakwane. Patapita miyezi iwiri matelala ankafikitsa khumi ndi anayi popanda wowakalipira, akuimba nyimbo za kutchalitchi pamakina, faifi koloko aliyense ali pa minibasi.

Chaka chisanathe Ba Chileshe anaimba foni. Anali ndi oda yoposa yoyamba ija, ndipo anabweretsanso kampani ina ya ku Shimabala. Atafunsa kuti itenga masiku angati, Ba Gideon anawapempha kuti asadule foni. Anatuluka mu ofesi, anaima pakati pa makina, n'kufunsa gulu lawo. Tsiku limene anatchula matelala ndi limene anamuuza kasitomala, ndipo katundu anafika tsiku lomwelo.

Phunziro: Ngati muli bwana, musalonjeze ntchito musanafunse amene amaigwira ndi manja awo. Iwo ndiwo akudziwa chimene chimatheka ndi chimene chimawachedwetsa, ndipo mukawamvera adzakuchitirani zoposa zimene mukanapeza powaopseza. Ngati muli wantchito, nenani zoona mwaulemu, ndipo bwana akagwa mudzutseni. Musaisunge nokha nkhaniyi, atumizireni anzanu a kuntchito, ndipo ngati mukulimba mtima, atumizireninso abwana anu.