Bass Woyamba wa a Delbert

A Delbert Kauffman anali ataima mu mtsinje wa Juniata, madzi ali m'chiuno, mano akugogoda. Chisanu chinali chisanatheretu, ndipo bass, nsomba yamakani ija, inali idakali phee pansi pa maiwe.

Bambowa anasiya ntchito yozula mano ku Pittsburgh, n'kugulitsa nyumba, kuti aziwedza tsiku lililonse mpaka imfa. Koma madoda a kalabu ya asodzi kuno ankangowatchula kuti Obwera. Lero anatsimikiza zowatseka pakamwa. Mwambo wake ngodziwika: wogwira bass woyamba wa chaka, ndi kachilombo kabodza ka nthenga kapena ubweya osati nyongolotsi, amavekedwa chipewa cha ukatswiri.

Nanga madoda otchukawo! Kaya ndi ukalamba kaya n'chiyani. A Merle anakoletsa chingwe mu mtengo, n'kumachikoka ngati akuliza belu la kutchalitchi. A Harlan ankaponya chingwe pamadzi osaya, poti ngakhale chule sangabisalepo. Wina anangokhala pamwala, kumanga ndi kumasula mfundo yomweyomweyo.

"Asodzi ake ndi amenewa?" a Delbert anang'ung'udza. "Zamanyazi."

Munthu weniweni analipo mmodzi: a Orval, katswiri wa chaka chatha, amene anali pamtunda, chipewacho chili kumutu.

"Adokotala, musadzivute pamenepo!" anakuwa a Orval. "Kuseri kwa mwala uwo kuli dziwe langa lachinsinsi. Tengani kankhanu kabodza aka, ndinakamanga ndekha ndi ubweya wa gwape. Kasiyeni kamire, muzikoka pang'onopang'ono. Madzi akazizira nsombazi zimachita ulesi ngati a Merle."

"Ndakumvatu iwe, Orval!" anayankha a Merle ali pansi pa mtengo wawo.

A Delbert anakhudzidwa nacho chifundo chimenechi. Msodzi kuulula dziwe lake? Ena amapita nalo kumanda osauza ngakhale mkazi wawo.

Anaponya, n'kudikira. Mwadzidzidzi chingwe chinakungika, ndodo n'kupindika. Nsomba inadumpha, yofiirira, yonenepa ngati katumba ka mwendo. A Delbert anaikoka, anaikweza kuti onse aione bwinobwino, kenaka anaibweza m'madzi monga amachitira asodzi aulemu.

Kunali chisangalalo chosaneneka. Madoda anawakumbatira, ena mpaka kugwetsa misozi. A Orval anawaveka chipewa mwachangu ngati chikuwatentha m'manja.

"Zikomo, achimwene," anatero a Delbert monyadira. "Mawa ndigwira wamkulu kuposa uyu."

"Mawa? Ayi, adokotala," a Orval anayankha akutola ndodo yawo. "Katswiri ndiye woweruza wathu. Amakhala pamtunda, kuyeza nsomba za anzake ndi kuphika khofi. Sagwira ndodo mpaka wina adzamulande chipewa chaka chamawa."

Pomwepo madoda onse anathamangira kudziwe kuja, zingwe zikuuluka mwaluso lodabwitsa. A Orval anacheuka, madzi ali kale m'mawondo.

"Wanga muthire shuga wambiri, bwana katswiri!"